Nyerere zazing'ono zakuda zikufukula mchenga m'ming'alu ya simenti ndipo zalowa m'khitchini: ndizithetse bwanji?

Mayi Mwininyumba analemba:

Moni kwa nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene amadziwa bwino za tizilombo ta pakhomo, chifukwa zimene ndayesa pandekha sizikuphula kanthu. Khonde la nyumba yanga ndi la simenti, ndipo kanjira kochokera pachipata kukafika pakhomo kanayalidwa njerwa zosalala. Chiyambire nyengo yotentha, m'ming'alu ya simentiyo ndiponso m'mipata ya pakati pa njerwa mukutuluka timilu ta mchenga, ndipo ndikasesa madzulo, kukamacha ndimapeza taunjikananso pamalo omwewo. Zimene zikufukula mchengawu ndi nyerere zazing'ono kwambiri, zoderako mpaka kuoneka ngati zakuda, zoyenda mosathamanga, ndipo zonse zikuoneka zofanana msinkhu.

Zikanakhala kuti zikuthera panja ndikanazipirira, koma tsopano zalowa m'khitchini. Mzere wake umatulukira pansi pa sinki, pamene paipi imalowera pansi, n'kulondola m'mphepete mwa khoma mpaka kukafika pa mbale ya mphaka, ndipo zina zimakwera pa tebulo kukafunafuna nyenyeswa ndi chilichonse cha mafuta. Ndikapopera mankhwala a m'chitini zimafa nthawi yomweyo, koma pakapita masiku ochepa mzere umayambiranso, nthawi zina kuchokera pa mng'alu wina. Posachedwapa ndaonanso zina zamapiko pa zenera, ndipo zimenezi n'zimene zandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndikuopa kuti mwina ndi chiswe.

Ena akundiuza kuti ndithire madzi owira m'ming'alu, ena akuti ndingomata ming'alu yonse ndi simenti. Ndikufuna kudziwa kuti nyererezi ndi za mtundu wanji, ngati zingawononge maziko kapena matabwa a nyumba, komanso njira yozithetsera popanda kuika pachiswe mwana wanga amene akukwawa ndi mphaka.

Mphunzitsi wa Sayansi anayankha:

Mayi, musanagulenso mankhwala ena alionse, yambani mwatsimikiza kaye mtundu wa nyerere zimene muli nazo, chifukwa njira imene imathandiza pa mtundu wina imatha kukulitsa vuto pa mtundu winanso. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuganiza kuti ndi mtundu umene akatswiri amautcha Tetramorium immigrans, nyerere yodziwika ndi kumanga chisa pansi pa simenti, pansi pa miyala ndi m'mphepete mwa maziko a nyumba. Kwawo kwenikweni ndi ku Europe, koma inafalikira kwambiri m'mizinda ya ku North America ndi m'madera ena kumene inapita pamodzi ndi katundu wa anthu. Mukamafufuza pa intaneti mukumananso ndi dzina lakuti Tetramorium caespitum, lochokera pa limene Carl Linnaeus anapereka mu 1758, chifukwa mabuku ambiri ankagwiritsa ntchito limeneli mpaka mu 2017 pamene akatswiri anaunikanso gulu lonselo n'kulekanitsa mitundu imene kale inkaonedwa ngati umodzi. Pa nkhani yozithetsa pakhomo, malangizo olembedwa pa maina awiriwa ndi ofanana.

Kuti mutsimikize, gwirani nyerere zingapo ndi selotepi, muzimate pa pepala loyera, ndipo muziyang'ane ndi galasi lokuzira zinthu kapena muzijambule ndi foni n'kukuza chithunzicho. Nyerere yantchito ya mtundu umenewu imatalika mamilimita 2.5 mpaka 4. Pachiuno pake, pakati pa chifuwa ndi mimba, pali timfundo tiwiri; kumapeto kwa chifuwa kuli timinga tiwiri tating'ono toloza kumbuyo; ndipo pamutu ndi pachifuwa pali timizere tambiri toyenda motsatana, timene timachititsa kuti mbali zimenezi zisanyezimire. Ili ndi mbola, koma ndi yaing'ono kwambiri moti sikawirikawiri kubaya khungu la munthu. Mukaona kuti pakati pa zazing'onozo pali zina zokulirapo za mitu yaikulu modabwitsa, ndiye kuti mwina ndi Pheidole megacephala, imene ndi yofala m'madera otentha ndipo nayonso imaunjika mchenga pakati pa njerwa. Mukaona kuti ndi zachikasu kapena zofiirira, zotalika pafupifupi mamilimita 2, ndiye kuti zikhoza kukhala Monomorium pharaonis, ndipo pa imeneyi kupopera mankhwala ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa gulu likasokonezedwa limagawikana n'kukayambitsa zisa zatsopano m'makoma.

Chimene chikuchititsa kuti mankhwala opopera asakuthandizeni ndi chakuti nyerere zimene mumaziona pamzere ndi gawo lochepa chabe la gulu lonse. Chisa chimodzi chimakhala ndi nyerere zantchito masauzande angapo, nthawi zina kupitirira 10,000, ndipo zambiri mwa izo zimakhala pansi, kusamalira mazira, mphutsi ndi mfumukazi imene ntchito yake ndi kuikira mazira basi. Nyerere zantchito sizibereka zinzake zantchito. Mukapha zonse zimene zili m'khitchini lero, mfumukazi imakhala ili bwinobwino pansi pa simenti, ndipo zina zimene zimaswedwa zimalowa m'malo mwa zakufazo. Kuwonjezera apo, mankhwala ambiri a m'zitini amapha msangamsanga ndiponso amathamangitsa tizilombo, kotero nyerere zotsala zimangolambalala pamene mwapopera n'kupeza mng'alu wina. N'chifukwa chake mukuona mzere ukusamuka.

Njira yofikira mfumukazi ndi kugwiritsa ntchito khalidwe la nyerere zomwezo. Nyerere ikapeza chakudya chamadzimadzi imachisunga m'kathumba ka m'mimba mwake, n'kubwerera kuchisa ikusiya fungo panjira kuti zinzake zilondole, ndipo ikafika imagawira zinzake, mphutsi ndi mfumukazi kukamwa ndi kukamwa. Chakudya cholimba imachinyamula n'kukapatsa mphutsi, zimene zimachigaya, kenako chakudyacho chimazungulira gulu lonse. Choncho mukaika nyambo yokoma yosakaniza ndi poizoni wochepa amene amapha pang'onopang'ono, nyererezo zimakunyamulirani poizoniyo mpaka kumene inu simungafike. Mfundo yaikulu yagona pa mawu akuti pang'onopang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti kuchulukitsa poizoni ndiye kuchita bwino, koma nyambo yamphamvu kwambiri imapha nyerere isanafike kuchisa, kapena zimaikana n'kusiya kudya.

Nyambo yosavuta kupanga ndi ya boric acid, ufa woyera umene umapha tizilombo pang'onopang'ono. Sungunulani magalamu 200 mpaka 250 a shuga m'lita imodzi ya madzi ofunda, muwonjezere magalamu 5 mpaka 10 a boric acid, ndipo muvundule mpaka zonse zitasungunuka. Mlingo umenewu ndi wapakati pa theka la peresenti ndi peresenti imodzi. Viikani thonje m'madziwo, muliike m'kabotolo kotsekeka kamene mwakabowola timabowo tokwana nyerere yokha, ndipo mukaike pafupi ndi mzere. Masiku oyambirira nyerere zidzachuluka kuposa kale, ndipo mtima udzakuuzani kuti mutenge chitini chija. Musatero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nyambo yofooka chonchi pamafunika masabata angapo kuti gulu lonse lithe.

Za zamapikozo musade nazo nkhawa musanaziyang'anitsitse. Nyerere yamapiko imakhala ndi chiuno chowonda, tinyanga topindika ngati chigongono, ndipo mapiko ake akutsogolo ndi aatali kuposa akumbuyo. Chiswe chamapiko chilibe chiuno chowonda, tinyanga take ndi towongoka, ndipo mapiko ake onse anayi ndi ofanana kutalika. Ngati zanuzo zili ndi chiuno chowonda, ndi zazimuna ndi zazikazi zimene zatuluka kukakwerana, ndipo kupezeka kwake m'nyumba kukusonyeza kuti chisa chokhwima chili pansi pa nyumbayo kapena pafupi kwambiri ndi maziko. Zisesereni kunja kapena muzikoke ndi makina opopa fumbi. Kuzipopera sikusintha kanthu pansi.

Mmisiri Womanga anayankha:

Aphunzitsi afotokoza bwino za nyererezo, ine ndiyankhepo za nyumbayo. Mayi, nyerere za mtundu umenewu sizidya matabwa ndipo sizingaboole simenti yolimba. Zimangodutsa m'mipata imene ilipo kale: ming'alu, malo amene simenti ya pansi inakumanirana ndi khoma, mizere imene amisiri timaisiya dala kuti simenti izitha kufutukuka kukatentha, ndiponso pozungulira mapaipi amene amadutsa pansi. Choncho maziko a nyumba yanu sali pangozi. Pamene zimawonongadi ndi pa njerwa zoyalidwa pamchenga, chifukwa mchenga umene mukusesawo ndi womwe unayalidwa pansi pake ndi pakati pake. Ukamachoka pang'onopang'ono, madzi a mvula amapeza polowera, njerwa zimayamba kugwedera, ndipo pakapita nthawi zina zimatitimira, kanjira n'kukhala kopunthwitsa anthu.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi ndi pa kudikira. Ndikuvomereza kuti panja munthu angadikire nyambo igwire ntchito, koma m'khitchini mmene mwana akukwawa sindikuona chifukwa cholekerera mzere wa nyerere kwa masabata. Ine ndikanatseka mpata wa pansi pa sinkiwo mwamsanga ndi chomatira cha silikoni, nyererezo zizikadyera nyambo panja.

Zinthu zotsekera zimasiyana malinga ndi malo. Pozungulira paipi, pansi pa mafelemu a zitseko ndi mazenera, ndiponso pamene matailosi anakumanirana ndi khoma, gwiritsani ntchito silikoni kapena zomatira zina zimene zimakhalabe zofewa zikauma. Mng'alu wa pa khonde muukolokose kaye, muchotse fumbi lonse, paume, kenako mumate. Mukamata pamwamba pa fumbi, chomatacho chimamatuka posachedwa. Mizere yosiyidwa dala ija musaimate ndi simenti, chifukwa simentiyo idzang'aluka nyengo ikasintha ndipo mudzabwerera pomwe munali. Pakati pa njerwa za panjira, vuto likatha, thiraninso mchenga wouma mpaka mipata itadzaza, ndipo ngati mungaupeze, ulipo mchenga wosakaniza ndi zomatira umene umalimba ukanyowetsedwa, ndipo nyerere zimavutika kuufukula.

Yang'ananinso za madzi. Nyerere zimakonda pansi pa simenti chifukwa pamakhala pofunda dzuwa likawomba ndipo dothi lake silifulumira kuuma. Paipi yodontha pansi pa sinki, mpope wa panja wosatsekeka bwino, kapena madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, zonsezi zimapangitsa malowo kukhala abwino kwa izo. Nkhuni, matabwa, miyala ndi miphika ya maluwa zimene zagundana ndi khoma muzisunthire patali, chifukwa pansi pa zinthu zoterezi m'pamene chisa chatsopano chimayambira.

Mayi Mwininyumba analembanso:

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi amisiri. Ndajambula zingapo n'kukuza chithunzi, ndipo timfundo tiwiri tija tikuoneka, timizere ta pamutu tikuonekanso, ndipo palibe za mitu yaikulu. Zamapiko zija zili ndi chiuno chowonda, kotero za chiswe ndachotsa mumtima.

Koma ndili ndi mafunso ena. Ndaika kadontho ka madzi a shuga opanda mankhwala pafupi ndi mzere kuti ndione ngati zingabwere, ndipo zambiri zikungodutsa n'kupita ku chakudya cha mphaka. Kodi nyambo ya shuga ingagwire ntchito pamenepa? Chachiwiri, aphunzitsi akuti ndidikire pamene amisiri akuti nditseke mpata wa pa sinki lero, ndiye sindikudziwa choyamba. Chachitatu, palibe amene wanenapo za madzi owira, komanso ndikufuna kumva zoona zake ngati boric acid ndi wotetezeka m'nyumba mmene muli mwana.

Wothana ndi Tizilombo ta M'nyumba anayankha:

Mayi, zimene mwachita poyesa madzi a shuga ndi zimenenso timachita ife pantchito tisanaike nyambo iliyonse, ndipo zimene mwaonazo si zachilendo. Nyerere za mtundu umenewu zimadya pafupifupi chilichonse: zotsekemera, zamafuta, njere za udzu, tizilombo takufa ndi chakudya cha ziweto. Koma zimene zikufuna kwambiri zimasintha malinga ndi zimene zikuchitika m'chisa. Pamene m'chisa muli mphutsi zambiri zimene zikukula, zimafunafuna zakudya zomanga thupi ndi zamafuta, pamene shuga ndi wopatsa mphamvu nyerere zantchito. Bwerezaninso kuyesako motere: pa kapepala kolimba ikani kadontho ka uchi mbali imodzi ndi kachiponde pang'ono mbali ina, musiye pafupi ndi mzere, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri muone kumene zaunjikana. Muchite zimenezi mbale ya mphaka mutaichotsa, chifukwa palibe nyambo imene ingapikisane ndi chakudya chimene zinachizolowera kale.

Mfundo imeneyi anthu ambiri amaipeputsa. Nyambo imagwira ntchito pamene nyerere zili ndi njala. Mphaka apatsidwe chakudya panthawi yake, akamaliza mbale itsukidwe. Ngati chakudyacho chiyenera kukhala pansi nthawi yaitali, ikani mbaleyo m'kati mwa mbale ina yaikulu yokhala ndi madzi pang'ono. Shuga, uchi ndi zonse zotsekemera zikhale m'zotengera zotsekeka bwino, bini ikhale yovindikira, ndipo kuseri kwa chitofu ndi pansi pa firiji kuzipukutidwa, chifukwa mafuta amene amadonthera kumeneko ndi okwanira kudyetsa nyerere zambirimbiri.

Zikasankha chiponde, ine ndikulangizani kugula nyambo yopangidwa kale m'malo mosakaniza nokha, chifukwa ndi kovuta kusakaniza ufa wa boric acid m'chinthu chamafuta mofanana paliponse. Pogula musayang'ane dzina la pamwamba lokha, koma werengani dzina la mankhwala amene ali m'katimo. Nyambo za nyerere kawirikawiri zimakhala ndi hydramethylnon, indoxacarb, fipronil, abamectin, imidacloprid kapena borax, ndipo zimabwera zamadzimadzi, zonga phala, zatimibulu kapena zotsekeredwa m'timabokosi ta pulasitiki. Zatimibulu zimathandiza kwambiri panja, pafupi ndi timilu ta mchenga tija, bola pakhale pouma, chifukwa zikanyowa zimawonongeka. Palibe cholakwika kuika nyambo yotsekemera ndi yamafuta nthawi imodzi, nyererezo zisankhe zokha. Nyambo yamadzimadzi muziisintha ikayamba kuuma, chifukwa madzi akamachepa poizoni amakula mphamvu ndipo nyerere zimasiya kumwa.

Pa kusiyana kwa aphunzitsi ndi amisiri, onse ali ndi mfundo, ndipo chimene chingakutsogolereni ndi malo amene chisa chili. Nyererezi zimatha kuyenda mamita angapo, mpaka pafupifupi 9, kuchokera kuchisa kukafuna chakudya, choncho n'zotheka kuti za m'khitchinizo zikuchokera pa khonde, komanso n'zotheka kuti zili ndi chisa chawochawo pansi penipeni pa khitchini. Usiku tengani tochi mulondole mzere, muone ngati kunja kwa khoma limenelo kuli mzere wolowa m'nyumba. Ngati ulipo, chitani zimene amisiri anena: tsekani m'kati, nyambo muike panja. Ngati palibe, ndipo zamapiko zija zikutulukira m'nyumba momwemo, ndiye kuti chisa chili pansi pa simenti ya m'nyumba, ndipo mukatseka mpata wa pa sinki musanazidyetse nyambo, zidzatulukira pena, mwina m'chipinda chogona kapena kuseri kwa kabati kumene simungazione. Zikatero ikani nyambo m'kabati ya pansi pa sinki momwemo, pafupi ndi pamene zikutulukira, kuti zisakhale ndi chifukwa choyendera khitchini yonse, ndipo chitseko cha kabatiyo muchimange kuti mwana asatsegule. Mbali yotsala ya mzere, kuyambira pa kabati mpaka pamene panali mbale ya mphaka, muipukute ndi madzi a sopo kuti fungo lolondolera lija lichoke, koma pozungulira nyambo musapukute ndi sopo kapena mankhwala onunkhira. Mpata mudzautseke pakadzatha sabata yathunthu osaona nyerere ikutuluka.

Za chitetezo ndinene mosabisa. Boric acid si woopsa kwambiri poyerekeza ndi mankhwala ena ophera tizilombo, makamaka pa mlingo wochepa umene aphunzitsi atchula, koma ndi poizoni ndithu, ndipo kuopsa kwake kumakula chifukwa chakuti wasakanizidwa ndi shuga amene mwana angakopeke naye. Musaike nyambo poyera pa mbale kapena pa chivindikiro, musaisunge m'botolo la zakumwa, lembani dzina pa chilichonse chimene mwaisungiramo, ndipo ufa wotsala ukhale pamwamba potsekeka. Mwana kapena chiweto chikameza, thamangani nacho kuchipatala mutatenga paketi ya mankhwalawo kuti adokotala awerenge. Kwa mphaka, chimene ndimaopa kwambiri ndi permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ambiri opopera ndi aufa: thupi la mphaka limalephera kumuchotsa msanga, ndipo akhoza kumudwalitsa kwambiri. Mankhwala a m'gulu limeneli amaphanso nsomba ndi tizilombo ta m'madzi, choncho kuwathira pa simenti imene mvula imatsuka n'kupititsa madzi m'ngalande si chinthu chabwino.

Madzi owira amapha nyerere zimene awapeza, ndipo pa chisa cha pabwalo chimene mwachivundukula pochotsa mwala akhoza kuthandiza. Pansi pa simenti sathandiza kwenikweni, chifukwa tinjira ta chisa timapita cham'mbali ndiponso pansi, madziwo amazizira asanafike patali, ndipo mfumukazi imatsala. Amaphanso udzu ndi maluwa, osanenanso za ngozi yonyamula poto wa madzi owira pakhomo pamene pali mwana. Palafini, petulo ndi oilo wakutha musathire n'komwe. Zimaipitsa dothi, zikhoza kuyambitsa moto, ndipo chisa chimangosuntha pang'ono. Viniga, mandimu ndi zonunkhira zina zimasokoneza fungo la panjira kwa kanthawi koma sizipha gulu. Ufa wotchedwa diatomaceous earth umaumitsa thupi la nyerere imene yadutsapo, koma umagwira ntchito pouma pokha, suyenera kupumidwa, ndipo nawonso sufika kwa mfumukazi.

Ngati pakatha mwezi umodzi kapena iwiri nyerere zikudya nyambo koma sizikuchepa, kapena zikutulukira m'zipinda zingapo, itanani katswiri wovomerezeka. Iye ali ndi mankhwala amene nyerere siziwazindikira, zimayenda pamwamba pake n'kukapatsirana m'chisa, ndipo amadziwa malo oyenera kuthira. Musabowole simenti nokha kuti muthire mankhwala pansi, makamaka ngati pansipo padutsa mapaipi a madzi kapena njira za mpweya wotenthetsera nyumba, kapenanso ngati pafupi pali chitsime.

Wolima Maluwa anayankha:

Ndiwonjezerepo chinthu chimodzi chimene sichinatchulidwe. Mayi, ngati m'mphepete mwa khonde muli maluwa kapena timitengo, yang'anani kunsi kwa masamba ndi kunsonga zanthete. Nsabwe za zomera zimatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimamwa, ndipo ngati nsabwezo zili zambiri, nyerere sizingalabadire nyambo ya shuga chifukwa zili kale ndi kasupe wawo. Tsukani masambawo ndi madzi othamanga kapena madzi a sopo wochepa, ndipo nthambi zimene zikukhudza khoma kapena zenera muzidulire. Miphika ya maluwa muinyamule muone pansi pake, chifukwa nthawi zambiri pamakhala mazira ndi mphutsi zoyera zitaunjikidwa pamenepo.

Ndinenenso kuti chisa chimene chili kutali ndi nyumba, kumapeto kwa bwalo, ine sindilimbana nacho. Nyererezi zimatola tizilombo takufa ndi nyenyeswa, zimafukula dothi, ndipo siziluma munthu kawirikawiri. Zofunika kuthana nazo ndi zimene zili pansi pa nyumba, pa khonde ndi pa kanjira kanu ka njerwa.

Mphunzitsi wa Sayansi anayankhanso:

Ndikugwirizana ndi zimene anzathu anena pa nkhani yolondola mzere usiku, ndipo amisiri akunena zoona kuti ngati mzerewo ukuchokera panja palibe chifukwa chodikira. Ndingowonjezera chinthu chimodzi chokhudza zimene mudzaone chaka chamawa. Magulu a nyerere za mtundu umenewu amalimbirana malo, ndipo nyengo yozizira ikangotha mukhoza kupeza pa simenti chigulu chakuda cha nyerere masauzande zitalumana miyendo ndi tinyanga, kenako mitembo yambiri itatsala pamenepo. Zimenezi zimachitika pamalire a zisa ziwiri, ndipo zikutanthauza kuti pabwalo limodzi pakhoza kukhala magulu angapo, lililonse ndi mfumukazi yake. Nyambo imene mwaika pa sinki ikhoza kutha gulu limodzi osakhudza lina, choncho pa kanjira ka njerwa ikani nyambo pamalo angapo, pafupi ndi gulu lililonse la timilu ta mchenga, osati pamalo amodzi okha.

Gulu limodzi likatha, malo ake amatsala opanda mwini, ndipo loyandikana nalo limafutukulira malire ake kumeneko, kapena mfumukazi yatsopano imene yangothothola mapiko imadzakhazikika m'mng'alu womwewo. Apa m'pamene ntchito ya amisiri imakhalira yofunika: ming'alu imatidwe ndi mipata ya njerwa idzazidwe nyerere zikangotha, malowo asanapeze mwini wina. Nyengo yotentha ikamayamba muziyendera khonde ndi kanjirako, ndipo mukaona kamulu katsopano ka mchenga pafupi ndi khoma, ikani nyambo pomwepo gululo likadali laling'ono. M'nyumba zimene zimatenthetsedwa m'nyengo yozizira, chisa cha pansi pa simenti sichipuma ngati cha panja, kotero mzere ukhoza kuonekera m'khitchini mwezi uliwonse pa chaka, ndipo ndi bwino kusunga nyambo yosatsegula pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi sopo, mafuta onunkhira ndi mankhwala opopera, chifukwa ikatengera fungo la zinthu zimenezi nyerere zimaikana.